Anime: makatuni a ku Japan ndi mmene amafikira m'mafoni

Anime ndi dzina la makatuni opangidwa ku Japan. Ambiri mwa iwo amachokera m'mabuku a nthano zojambula otchedwa manga. Astro Boy ya Osamu Tezuka inayamba kuonetsedwa pa wailesi ya kanema mu 1963. Dragon Ball ya Akira Toriyama inatuluka m'buku mu 1984, n'kufika pa kanema mu 1986.

Kale makatuniwa ankadutsa malire a dziko pokhapokha wailesi ya kanema ikawagula ndi kuwamasulira. Eni wailesi ndiwo ankasankha zoti anthu aonere, ndipo ankadula malo achiwawa. Umu ndi mmene Dragon Ball inatchukira mu Chipwitikizi ku Portugal ndi ku Brazil. Okonda anime ena ankamasulira okha, n'kumatumizirana matepi papositi.

Intaneti inasintha zimenezi. Tsamba la Crunchyroll linayamba mu 2006 ndi makanema oikidwa ndi oonera popanda chilolezo cha eni ake. Mu 2009 linasiya mchitidwewo n'kuyamba kuonetsa okhawo amene lapatsidwa chilolezo, ndipo mu 2021 linagulidwa ndi kampani ya Sony. Lero gawo latsopano limatha kufika kumayiko ena tsiku lomwelo limene latuluka ku Japan. Tizidutswa take timafala pa YouTube, TikTok ndi Facebook.

Kumadera kumene intaneti ndi yodula, kanema amayenda ndi anthu. Munthu mmodzi akamukopera, anzake amagawana kudzera pa memori khadi, Bluetooth kapena WhatsApp. Foni ikawoloka malire pa tsiku la msika, makanema amene ali m'menemo amawolokanso. Kugawana kotere nthawi zambiri sikupereka kalikonse kwa ojambula a ku Japan.

Chofunika kwa makolo n'chakuti si anime aliyense amene anapangidwira ana. Ku Japan kuli makatuni a ana aang'ono monga Doraemon, a achinyamata monga Naruto, komanso a akuluakulu okhaokha. Demon Slayer, imene filimu yake ya mu 2020 inapeza ndalama zambiri kuposa filimu ina iliyonse padziko yotuluka chaka chimenecho, imaonetsa magazi ndi kudulana mitu. Popeza kanema wofika pa foni sadutsanso m'manja mwa wailesi, ntchito yosankha yatsala kwa a pabanja. Njira yosavuta ndiyo kufunsa mwana dzina la katuniyo ndi kuonera naye gawo limodzi asanapitirize yekha.