Kujambula mano a ana ndi X-ray

Kujambula mano ndi X-ray ndi njira imene dokotala wa mano amaonera zimene sizioneka ndi maso, monga kuwola kwa pakati pa mano, mafinya kunsi kwa muzu, ndi mano achikulire amene akadali m'nsagwada, pansi pa mano oyamba. Wilhelm Röntgen anatulukira X-ray ku Germany mu 1895, ndipo mu 1896 dokotala wa mano Otto Walkhoff anajambula mano ake omwe. Anayenera kukhala osagwedera kwa mphindi 25. Masiku ano kujambulako sikukwana n'komwe sekondi imodzi.

Mitundu ya zithunzi

Chithunzi chotchedwa bitewing chimajambulidwa mwana ataluma kachipangizo kakang'ono, ndipo chimaonetsa mano akumbuyo, am'mwamba ndi am'munsi. Cha panoramic chimaonetsa nsagwada zonse ziwiri, makina akuzungulira mutu. Palinso CBCT, imene imaonetsa fupa mbali zonse koma imatulutsa cheza chambiri kuposa zinazi.

Kuchuluka kwa cheza

Cheza chimene thupi lalandira chimayezedwa mu microsievert. Munthu amalandira cheza tsiku lililonse kuchokera m'nthaka, m'mpweya, m'zakudya ndi mlengalenga. Pa dziko lonse, munthu mmodzi amalandira pafupifupi ma microsievert 2,400 pachaka. Chithunzi cha bitewing chimapereka ma microsievert 5 kapena kucheperapo, pafupifupi cheza chachilengedwe cha tsiku limodzi.

Ngakhale zili choncho, ana amafunika kusamala kwambiri kuposa akuluakulu. Maselo awo akugawanika mofulumira, ndipo ali ndi zaka zambiri m'tsogolo zoti khansa ingayambe ngati selo litawonongeka. Chithokomiro chawo chilinso pafupi ndi nsagwada. N'chifukwa chake chithunzi sichiyenera kujambulidwa mwachizolowezi chabe. Dokotala amayamba wayang'ana m'kamwa, n'kujambula pokhapokha ngati chithunzicho chingathandize kusankha chithandizo. Malangizo a ku United States amati mwana amene mano ake amawola kawirikawiri angajambulidwe bitewing pa miyezi 6 mpaka 12 iliyonse, pomwe wa mano abwino angadikire miyezi 12 mpaka 24.

Kukaniratu kujambula kulinso ndi vuto lake. Dzino loyamba likawola mpaka kuchita mafinya, lingawononge dzino lachikulire limene likukula pansi pake.

Epuloni ya mtovu

Kwa zaka zambiri odwala ankavekedwa epuloni ya mtovu ndi chotchinga pakhosi. Mu 2024 bungwe la American Dental Association linalangiza kuti zimenezi sizikufunikanso, kwa ana ngakhalenso amayi oyembekezera. Makina amakono amalunjikitsa cheza pamalo ochepa, ndipo chotchingacho nthawi zina chimaphimba mbali yofunika, zomwe zimachititsa kuti mwana ajambulidwe kachiwiri. Malamulo a madera ena amafunabe epuloni, choncho zipatala zimasiyana pa nkhaniyi.