Njira Zitatu Zimene Nyimbo Zakale Zinadzera

Abale ndi alongo otsogolera makalasi a kuwerenga ndi kulemba, mbiri ya dziko sikhala m'mabuku mokha ai. Ina ili m'nyimbo zimene makolo athu ankavina ali acinyamata. Tiyeni tione njira zimene nyimbozo zinadzera kuti zifike kuno ku Chimbonila.

Njira yoyamba inali ya ulendo. Pa nthawi ya Apwitikizi, pamene mzinda wa Lichinga unkachedwa Vila Cabral, amuna ambiri ankathawa msonkho ndi cibalo, nadzera ku Nyasaland kukafuna nchito ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Joni. Pobwera ankanyamula njinga ndi bulangeti, ndipo amwai ankabwera ndi galamafoni ndi mbale zake. M'mbalemo munali kwela, nyimbo za citoliro zimene zinachuka ku Johannesburg m'zaka za m'ma 1950. Anyamata a kumudzi, posowa ndalama ya gitala, ankadzipangira mabanjo a cigubu ca mafuta ndi waya. Ku Chileka, pafupi ndi Blantyre, pacibale awiri, Daniel ndi Donald Kachamba, anaitenga kwela nkuisandutsa yaoyao. Katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, anakumana nao mu 1967 najambula nyimbo zao. Daniel anamwalira mu 1987, Donald mu 2001, koma mau ao alipobe cifukwa panapezeka wina wowasunga.

Njira yaciwiri inali wailesi. Ku Lourenço Marques kunali LM Radio, imene inkaulutsa nyimbo za rock ndi pop za Cingerezi, makamaka kwa acinyamata a ku South Africa, mpaka inatsekedwa mu 1975, caka ca ufulu wathu. Koma kwa anthu a Cinyanja, wailesi yapafupi inali MBC ya ku Malawi, imene inayamba mu 1964. Pamenepo ankamva Jim Reeves wa ku America, amene anafa pa ngozi ya ndege caka comweco, ndiponso Allan Namoko, wosaona uja woimba banjo.

Njira yacitatu inali yowawa, ndiyo nkhondo. Ya ufulu inafika m'Niassa mu 1964, ndipo inabwera ndi nyimbo zake. Ya paciweniweni inathamangitsira anthu pafupifupi miliyoni imodzi ku Malawi. Kumeneko ambiri anazolowera Alleluya Band ya Paul Banda, imene inabadwira pa mpingo wa Katolika ku Balaka mu 1978. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera kwao ndi makaseti m'matumba. Mu 1994 ku Lichinga kunabadwa gulu la Massukos, lotsogozedwa ndi Feliciano dos Santos, loimba m'Ciyao, Cinyanja ndi Cimakua. Linatenga maimbidwe a makolo nkuwaika pa gitala, kuphunzitsa za madzi abwino, zimbudzi ndi Edzi. Mu 2008 dos Santos analandira mphoto ya Goldman cifukwa ca nchito imeneyi.

Mipingo yambiri inkaziyesa nyimbo za gitala kuti nzacikunja. Nzoona, zina zinali za mowa ndi dama, ndipo izo sitiziyamikira. Koma nanga ya mkazi wolira mwamuna amene anachona ku Joni? Nanga ya njala, kapena ya mwana wotsala m'thengo pothawa nkhondo? Imeneyo ndi mbiri yathu, ndipo eni ake akutha mmodzimmodzi. Mbale zinasweka, makaseti anaola, catsala ndi ca m'mutu mwa nkhalamba basi.

Tsono pempho langa ndi ili. Pa kalasi, funsani agogo aimbe nyimbo imodzi ya pa unyamata wao. Ilembeni pa bolodi m'cilankhulo cimene yaimbidwira, kaya Ciyao kaya Cinyanja, osaikonza. Funsani kuti anaimva kuti, caka citi, ndipo ankaiimba ndani. Ophunzira aikopere m'makope mwao. Munthu sacedwa kuwerenga mau amene akuwadziwa kale pamtima, ndipo gogo amene amacita manyazi kugwira pensulo amamasuka akaona kuti lero mphunzitsi ndi iyeyo. Kope limodzi lisungidwe ku chalichi, pouma, kuti adzukulu adzalipeze. Ambuye akudalitseni pa nchito yanu.