Kasungidwe ka batire la tabuleti imene ikhale miyezi osagwira ntchito

Ngati ndinu mlimi wachitsanzo ku Khonjeni, mwina muli ndi tabuleti imene mumalemberamo mayina a alimi a m'kalabu yanu, kukula kwa minda yawo kapena makilogalamu a tiyi amene athyola. Tiyi amachuluka kuyambira Disembala mpaka Epulo. Mvula ikatha ntchito imachepa, tabuleti n'kulowa m'sutikesi, ndipo mabatire ambiri amafera mmenemo.

Batire la tabuleti ndi la mtundu wa lithium-ion. Limataya moto lokha ngakhale tabuleti itazima, pafupifupi 2 kapena 3 peresenti pamwezi, ndipo kukatentha limataya wambiri. Mukaisunga itatsala ndi moto wochepa, moto umatheratu, kenako kachipangizo koteteza batire kamalitseka. Zikatero nthawi zina silidzukanso ngakhale mutatchaja tsiku lonse. Kulisintha n'kovuta chifukwa m'matabuleti ambiri batire analimatira mkati. Kuisunga yodzaza 100 peresenti nakonso kumakalambitsa batire msanga, koma vuto limeneli ndi locheperapo poyerekeza ndi loyambalo.

Choncho tchajani mpaka pafupifupi 50 peresenti, kenako muizimitse kwathunthu. Kungodina batani kuti sikirini ide sikuzimitsa ayi. Tabuleti imakhala ikufufuzabe netiweki, ndipo moto utha m'masiku ochepa. Gwirani batani mpaka pabwere mawu oti Power off. Kampani ya Apple imalangiza kubwezeretsa moto pa 50 peresenti miyezi 6 iliyonse, koma batire lakale silipirira motero. Ndi bwino kuiyatsa miyezi iwiri iliyonse, monga tsiku la msonkhano wa kalabu kuti musaiwale. Ikatsika kufika pa 30, onjezerani moto.

Malo osungira akhale ozizira komanso ouma. Kutentha kopitirira madigiri 35 kumawononga batire osabwereranso, ndiye musaisomeke kudenga la malata kapena kuisiya pawindo, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Kuno ku Thyolo palinso chiperoni cha mu Juni ndi Julaye: chinyontho chimalowa polowetsera tchaja n'kuyambitsa dzimbiri. Ikani tabuleti m'kontena ya pulasitiki yotseka bwino, pamwamba osati pansi, kutali ndi matumba a feteleza chifukwa yureya amakoka chinyontho.

Musanaisunge, tumizani zonse zimene mwalemba kwa alangizi a zaulimi kapena muzikopere m'kope. Batire likafa, mayina a alimi anu amatsekeredwa momwemo.

Tsiku loitulutsa, ikakana kuyaka musafulumire kunena kuti yafa. Isiyeni pa tchaja yake kwa ola limodzi, kenako yesaninso. Gwiritsani ntchito tchaja ya USB; kulumikiza mawaya molunjika ku sola kapena ku batire la galimoto la mavoti 12 kukhoza kupsereza tabuleti nthawi yomweyo.

Mukaona sikirini yatukuka kapena kumbuyo kwafufuma, ndiye kuti batire latupa. Musatchajenso, musaliboole ndipo musalitaye pamoto, chifukwa likhoza kuyaka. Ikani tabuleti pasimenti kapena padothi, kutali ndi udzu, nkhuni ndi ana, mpaka muipereke kwa okonza mafoni kapena kwa amene anakupatsani.