Kuchoka pa Wenela Kukafika ku Machipisa

Basi yomwe inanditengera ku Harare mu Januwale 2015 inanyamuka pa Wenela mu Blantyre kusanache. Kwa ine panthawiyo Wenela linali dzina la depoti chabe. Sindinkaganizako kuti ndi dzina la bungwe lomwe linkalemba azigogo athu ntchito ya m'migodi ya ku Joni. Tinadutsa Mwanza ndi Zobue, tinawoloka Zambezi pa Tete dzuwa likuswa mtengo, tinadinditsa mapasipoti pa Nyamapanda, n'kukafika pa Roadport kutada. Ulendo wa makilomita pafupifupi 600 umenewu ndinaudandaula ngati chilango. Ndinali ndi zaka 25, digiri m'chikwama, ndi kalata yondiitana kukaphunzitsa Chingerezi pa kakoleji kena koyima pakokha ku Highfield.

Sabata zoyambirira wophunzira ndinali ineyo, ndipo phunziro lake linali kombi. Ku Harare komwe ukupita ndi komwe kumakuuza pokwerera: za ku Mabvuku ndi Tafara pa Fourth Street, za ku Mufakose pa Copacabana, za kwathu cha ku Market Square. Pampando mumakhala anayianayi, ndalama imayenda kuchoka kumbuyo dzanja ndi dzanja mpaka kwa kondakitala, yemwe kumeneko amati hwindi. Ndikafuula kuti nditsike, minibasi yonse inkatembenuka. “Achimwene atsike!” Ana a m'kalasi mwanga nawonso sanachedwe kugwira kuti l ndi r zimandisokonekera, ndipo dzina lomweli linandimata. Mphunzitsi wa Chingerezi wosekedwa Chingerezi chake amaphunzira kudzichepetsa msanga.

Mtengo unali masenti 50 a dola ya ku America, yomwe dzikolo linayamba kugwiritsa ntchito mu 2009. Vuto linali chenje. Makobidi a bond anali atangotuluka mu Disembala 2014 ndipo ambiri sankawakhulupirira, kotero hwindi akasowa chenje ankatenga dola imodzi n'kupatsa anthu awiri osadziwana kuti akagawane okha. Anthu ankati wakukwatitsani. Tsiku lina pa Machipisa ndinakwatitsidwa ndi nkhalamba ya jekete yothaitha, yomwe inayang'ana dolayo n'kung'ung'udza: “Ha, koma ana a masiku ano.”

“Agogo, ndinu a kwathu?”

Anandiyang'ana nthawi yaitali. “Kwathu kwake kuti, mwanawe?”

Dolayo tinagulira mabanzi, ndipo kuyambira pamenepo Lamlungu lililonse ndinkadya nsima ku Mufakose. Iwo ndiwo ananditengera ku CCAP komwe nyimbo zinkaimbidwa m'Chichewa, kumisonkhano ya bungwe lawo lothandizana pamaliro, ndi ku gule wamkulu, yemwe Ashona amati zvigure. Anzanga onse a ku Harare ndinawapeza kudzera mwa munthu wa zaka 80.

Agogowa anachoka ku Dedza mu 1954. Njira yomwe ine ndinadandaula nayo pa basi, akuluakulu awo ankayenda wapansi kwa sabata zingapo, kudutsa m'dziko la Apwitikizi, kupita ku mafamu a fodya, ku migodi ndi ku makhitchini a azungu ku Salisbury. Chinkawathamangitsa kwawo kwenikweni ndi msonkho. Mu 1936 maboma a Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia anagwirizana za kayendedwe ka antchitowa, ndipo chakumapeto kwa zaka zimenezo boma la Salisbury linaika malole onyamula anthu osalipira. Anthu athu anawatcha Ulere. Pambuyo pa nkhondo yachiwiri kunabwera bungwe lolemba antchito lomwe linadziwika kuti Mthandizi. Mayina awiriwa amandisowetsa mtendere monga womasulira: ndi mawu okoma a chinenero chathu, omatidwa pa makina okokera anthu ku ntchito ya malipiro ochepa.

Amene sanabwerere kwathu tinawatcha machona. Kumeneko anawatcha Manyasarandi kapena Mabhurandaya, ngati onse anachokera ku Blantyre. Poti Mshona anali ndi mudzi wobwererako, iwo analibe, ambiri anakhazikika m'malokeshoni: Harari, yomwe lero ndi Mbare, kenako Highfield, Mufakose, Mabvuku. Malokeshoniwa anamangidwa dala kutali ndi tauni ya azungu, moti wantchito ankalipira yekha mtunda womwe sanausankhe. Kombi yanga ya m'mawa uliwonse inkayenda pa mapu omwewo.

Nkhani ya basi ndiyo inayatsa moto mu 1956. Kampani ya mabasi itakweza mitengo, City Youth League inauza anthu kuti asakwere, ndipo mu Seputembala chaka chimenecho anthu zikwizikwi anayenda wapansi kupita ku ntchito. Mabuku a ku Zimbabwe amatchula James Chikerema, George Nyandoro ndi Edson Sithole. Koma pakati pa omwe anayambitsa bungweli mu 1955 panali mnyamata wa ku Karonga, Dunduzu Chisiza, yemwe ankagwira ntchito ya ukalaliki ndi yomasulira ku ofesi ya kazembe wa India mu Salisbury. Boma linamupitikitsa m'dzikomo mu 1956. Kwathu timamudziwa ngati mlembi wamkulu wa Malawi Congress Party yemwe anafa pangozi ya galimoto pa Thondwe mu 1962. Za ku Harari sitiphunzitsidwa. Ndinanyada nditamva kuti anali womasulira, ngakhale panthawiyo ntchitoyi ndinali ndisanaiyambe.

Agogo anayenda nawo wapansi masiku amenewo, koma sankaikamba nkhaniyi monyadira. Kunyanyalako kunasanduka chipolowe, ndipo gulu la amuna linathyola hositelo ya akazi ya Carter House ku Harari n'kugwiririra atsikana, ati chifukwa ena mwa iwo ankakwerabe basi. Atsogoleri ena sanadzudzule mokwanira. Agogo ankangoti, “Tinapambana basi, koma ana aja tinawalakwira,” n'kusintha nkhani. Ine ndimaona kuti amene akufuna kusimba 1956 asimbe zonse ziwiri.

Za mabasi pambuyo pa ufulu ndidutsapo mwachangu: ZUPCO inalephera kukwanira, ma Peugeot akale anadzaza mpatawo, ndipo mu 1993 boma linaloleza makombi. Chomwe chinawapweteka kwambiri machona si mayendedwe koma chitupa. Lamulo la unzika la 2001 linati aliyense yemwe angathe kukhala nzika ya dziko lina akane unzika umenewo, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Anthu obadwira ku Mbare, osadziwa n'komwe kuti Dedza ili mbali iti, anapezeka ndi zitupa zowatcha alendo, ndipo ambiri sanavote mu 2002. Mu 2005 Murambatsvina inagwetsa tinyumba ta kuseri m'malokeshoni. Lipoti la Anna Tibaijuka ku United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena popezera ndalama. Anthu ankauzidwa kuti abwerere kumudzi. Mudzi wake uti? Malamulo aakulu a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo omwe kholo lawo linachokera m'dziko la SADC, ndipo anaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka. Komabe m'kalasi mwanga munali mtsikana wa mfunda wa kwathu yemwe kwa miyezi isanu ankalumbira kuti Chichewa sachimva. Tsiku lomwe anandipeza ndekha n'kunena motsitsa mawu kuti, “Aphunzitsi, agogo anga akuti mudzabwere kunyumba,” anayamba wasuzumira pakhomo.

Chakumapeto kwa chaka agogo a ku Mufakose anandipempha kuti ndiwalembere kalata yopita kwa mlongo wawo. Ankayankhula Chichewa cha 1954 chosakanikirana ndi Chishona, ine n'kumawongola. Imeneyo ndiyo ntchito yanga yoyamba yomasulira. Mu Disembala ndinakwera minibasi ku Dedza boma, kenako kabaza, mpaka ndinaupeza mudziwo. Mlongoyo anali atamwalira kalekale. Mwana wake, mayi wa imvi, anamvetsera kalata yonse manja ali pachibwano.

“Amalume amenewo amayi anawalira maliro ine ndili mtsikana,” anatero. “Tinameta.”

Anandipatsa thumba la ufa ndi nyemba kuti ndikawapatse. Mu Januwale ndinalinyamula kudutsa Tete ndi Nyamapanda, ndipo pa Copacabana hwindi anandilipiritsa mpando wachiwiri chifukwa cha thumbalo. Agogo anaufwenkha ufawo, anautapa pang'ono n'kuupereseza ndi zala, kenako anandifunsa ngati mtengo wa mkuyu wa pafupi ndi chitsime ukadalipo. Ndinali ndisanauone. Ndinawauza kuti ulipo. Za kumeta sindinawauze.