Montage

Montage ndi njira yolumikizira zidutswa za kanema kapena zithunzi motsatizana kuti tanthauzo lituluke pamene zidutswazo zakumana, osati m'chidutswa chimodzi pachokha.

Mawuwa ndi a Chifalansa, koma chiphunzitso chake chinakhwimira ku Soviet Union m'zaka za m'ma 1920. Wopanga makanema Lev Kuleshov anaonetsa nkhope imodzimodziyo ya wosewera m'makanema Ivan Mosjoukine motsatizana ndi mbale ya msuzi, bokosi la maliro, kenako mkazi. Oonera anaona njala, chisoni ndi chilakolako pankhope yomwe sinasinthe n'komwe. Mwa opanga makanema ena, Vsevolod Pudovkin ankaona zidutswa ngati njerwa zomangira nkhani, pomwe Sergei Eisenstein ankati zithunzi ziwiri zikawombana zimabala ganizo lachitatu. Mu kanema wa Eisenstein wa 1925, Strike, kuphedwa kwa antchito onyanyala kumasinthana ndi kuphedwa kwa ng'ombe.

Pophunzitsa kulemba, mfundoyi imagwira ntchito makamaka pamene ophunzira akuphatikiza mawu olembedwa, zithunzi, nyimbo ndi kanema m'ntchito imodzi, luso lomwe gulu la New London Group linalimbikitsa mu 1996. Wophunzira amasintha ndondomeko ya zidutswa n'kuona momwe uthenga ukusinthira. Montage imasiyana ndi collage, yomwe imamata zidutswa pamalo amodzi kuti zionekere nthawi imodzi.