Mbiri ya Kusamutsa Maina a M'lamya

Munthu akagula lamya ya m'manja yatsopano, cimene cimbvuta mtima poyamba ndi maina a abale ndi abwenzi amene atsala m'lamya yakale. Lamya igulidwa ndi ndarama, koma maina asonkhanitsidwa pa zaka zambiri, ndipo akatayika sagulika m'sitolo. Mbiri ya bvuto limeneli ndiyo mbiri ya malo amene anthu akhala akusungamo mainawo.

Buku loyamba la eni lamya linaturuka pa 21 February 1878 mu mzinda wa New Haven, ku America. Linali pepala limodzi lokha la maina 50, ndipo munalibe nambala ngakhale imodzi. Wofuna kulankhula ndi mnzace anali kuchula dzina kwa wanchito wa ku nyumba ya lamya, ndipo iyeyo anali kulumikiza nthambo. Mu 1879 nthenda ya cikuku inabuka mu mzinda wina wa ku America komweko, dzina lace Lowell. Dokotala Moses Greeley Parker anaopa kuti anchito anai a kumeneko akadwala onse, olowa m'malo mwao sadzadziwa kolumikiza, popeza zonse zinali m'mitu ya anaiwo. Cotero analangiza kuti mwini lamya ali yense apatsidwe nambala. Pamene manambala anafala, anthu anayamba kuwalemba m'timabuku tao, ndipo lamya ikaonongeka kabuku kanali kutsala.

Lamya za m'manja zitabwera, zinayamba kusunga manambala m'kati mwace. Ici cinakondweretsa anthu, koma wosintha lamya anayenera kulembanso maina onse limodzi-limodzi. Thandizo linadza mu 1991, pamene kampani ya Giesecke & Devrient ya ku Munich, m'dziko la Germany, inagulitsa makhadi 300 oyamba a SIM kwa kampani ya Radiolinja ya ku Finland. Khadi loyambalo linali lalikuru ngati khadi la ku banki. Nchito yace yeni-yeni inali kuzindikiritsa mwini lamya kwa kampani, koma linalinso ndi malo olembamo maina, ndipo makhadi a pambuyo pace anafikira maina 250. Tsono munthu anangosolola khadi ndi kuliika m'lamya yina, maina nasamuka nalo pamodzi. Komabe khadilo linali kulola nambala imodzi yokha pa dzina, ndipo maina atali linali kuwadula.

Bvuto lina linali lakuti kampani iri yonse inali kusunga maina m'njira yace-yace, kotero kuti makina a kampani imodzi sanathe kuwerenga za inzace. Cifukwa ca ici makampani anai, Apple, AT&T, IBM ndi Siemens, anapangana kalembedwe kamodzi kochedwa vCard, ndipo mtundu wace umene unafala unaturuka mu 1996. M'kalembedwe aka dzina liri ndi mzere wace, nambala mzere wace, keyala mzere wace, ndipo lamya ya mtundu wina iwerenga mizereyo mosabvuta. Poyamba maina otere anali kuoloka pa kuunika kosaoneka ndi maso, lamya ziwiri zitapenyana pafupi. Pambuyo pace kunadza Bluetooth, imene nchito yace inayambira ku kampani ya Ericsson ya ku Sweden mu 1994. Dzinali ndi la Harald Bluetooth, mfumu yakale imene inagwirizanitsa mafuko a ku Denmark.

Kusintha kwakukuru kunadza ndi intaneti. Lamya yoyamba ya Android inaturuka mu 2008, ndipo inali kusunga maina ku akaunti ya Google. Mu 2011 kampani ya Apple inatsegula nkhokwe yace yochedwa iCloud. Maina tsopano anacoka m'thumba la mwini wace napita ku makompyuta akuru a kutali. Wogula lamya yatsopano anangolemba dzina la akaunti ndi mau ace acinsinsi, maina onse nabwera okha. Mu 2015 Apple inaturutsanso pulogalamu yochedwa Move to iOS, yothandiza ocoka ku Android.

Koma nkhokwe ya mwini siikhala yopanda ngozi. Mu October 2009 makompyuta osunga za lamya zochedwa Sidekick anaonongeka ku America, ndipo anthu zikwi zambiri anapeza kuti maina ao palibe. Zambiri zinabwezedwa pambuyo pace, koma anthuwo anakhala masiku ambiri osatha kuitana abale ao. Ndiponso woiwala mau ace acinsinsi afanana ndi munthu wotaya mfungulo ya nyumba yace.

Mantha a Dokotala Parker sanathe kufikira lero, pakuti maina osungidwa pa malo amodzi okha, kaya m'mutu, kaya m'khadi, kaya ku makompyuta a kutali, angathe kutayika tsiku limodzi. Akuru anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Wanzeru asunga maina ku akaunti, nasunganso failo ya vCard pena, ndipo manambala a mai wace, a mkazi wace ndi a cipatala awalemba m'kabuku asanagulitse lamya yakale.