Ojambula migodi yakufa, kuyambira ku Randfontein mpaka ku Chaneng

Mudzi wa Chaneng, m'dera la a Bafokeng pafupi ndi Rustenburg ku South Africa, wakhala pamwamba pa chuma. Pansi pake padutsa mwala wa platinamu wotchedwa Merensky, dzina la katswiri amene anautulukira mu 1924. Mgodi wa Styldrift uli pakhomo penipeni, ndipo ukugwirabe ntchito. Koma mnansi wake, Maseve, anasiya kukumba mu 2017 atangoyamba kumene, ndipo kufupi ndi tauni kuli migodi ina imene Anglo American Platinum inatseka mu 2013. Nsanja zachitsulo zili chiimire, udzu ukumera m'mipanda. Malo otere ndiwo amakoka anthu a makamera.

Chidwi chimenechi si cha lero. David Goldblatt, wobadwira m'tauni ya migodi ya Randfontein mu 1930, anaona migodi yakale ya golide ikutsekedwa umodziumodzi m'zaka za m'ma 1960, ndipo anayamba kuijambula isanagumulidwe. Buku lake, On the Mines, linatuluka mu 1973, mawu ake ena atalemba Nadine Gordimer. Mwa zithunzi zakezo, zimene zimabaya mtima wa Mmalawi ndi za m'komponi: mabedi asimenti osanjikizana, mmene amuna ankagona mothithikana. Ena mwa amunawo anali agogo athu.

Ernest Cole ndiye analowa anthu akadalimo. Ankabisa kamera m'kathumba ka kamba, n'kujambula amuna atandanda ali mbulanda, manja m'mwamba, kudikira kupimidwa ndi dokotala. Buku lake, House of Bondage, la mu 1967, boma la tsankho linaliletsa, ndipo mwini wake anafera ku New York mu 1990.

Pamene buku la Goldblatt linkatuluka, Amalawi opitirira 100,000 anali m'migodi ya ku Joni, atapita kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi. Pa 4 Epulo 1974, ndege yonyamula anthu obwerera kwawo inagwa ku Francistown ku Botswana, n'kupha Amalawi 74. Kamuzu anatseka njirayo. Inatsegukanso mu 1977 pansi pa dzina la Theba, kenaka n'kutheratu mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi. Makomponi ambiri amene iwo ankagonamo lero ndi mabwinja, ena anasalazidwa.

Masiku ano South Africa ili ndi migodi pafupifupi 6,000 yosiyidwa yopanda mwini. Ilan Godfrey anayendera ina mwa iyo m'buku lake la mu 2013, Legacy of the Mine, ndipo anaonetsa kuti mgodi wakufa sukhala wopanda anthu: pamakhala madzi oipa, fumbi, ndi mabanja amene alibe kolowera. Apa ndi pamene ndimasiyanirana ndi achinyamata ongofuna chithunzi chokongola cha dzimbiri choika pa Instagram. Dzimbiri lopanda mbiri ya amene anakhetsera thukuta pamenepo silinena kanthu.

Komanso si masewera. Migodi yosiyidwa yasanduka malo a azamazama, okumba mozemba. Ku Stilfontein, m'chigawo cha North West komwe kulinso Chaneng, mitembo 78 inatulutsidwa pansi m'masiku ochepa a Januwale 2025. Ngakhale mgodi woimitsidwa ngati Maseve uli ndi eni ake ndi alonda. Wolowa osapempha ndi wolakwa.

Ife kwathu kuno tachedwa. Dzina la Wenela latsala pa depoti ya mabasi mu Blantyre, ndipo ambiri okwerapo sadziwa kumene linachokera. Ngati kwanu kuli gogo wa Theba, mujambuleni pa foni pamodzi ndi chiphaso chake ndi sutikesi yake, ndipo mumufunse dzina la mgodi ndi chaka chimene anabwerera.